Chipepeso Chopanda Pepani

Pa 16 Januwale 2017 mkulu wa kampani ya Ford kummwera kwa Africa, a Jeff Nemeth, adakhala pamaso pa atolankhani mumzinda wa Pretoria pamodzi ndi akuluakulu a National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula, n'kulengeza kuti galimoto 4,556 za mtundu wa Kuga zibwerere kumagalaja kuti zikakonzedwe. Zidali galimoto za injini ya malita 1.6, zopangidwa ku Valencia m'dziko la Spain pakati pa Disembala 2012 ndi Febuluwale 2014. Pofika tsiku limenelo kampaniyo idavomera kuti idali italandira kale malipoti 39 a galimoto zogwira moto. Ife okhala mu Johannesburg tidali titazolowera zithunzi zake m'manyuzipepala ndi pamafoni: galimoto yaima m'mbali mwa msewu, malawi akutuluka kutsogolo, mwini wake waima chapatali manja ali kunkhongo.

Kampaniyo idalongosola gwero la motowo mosabisa. Madzi oziziritsa injini akaleka kuzungulira bwino, injini inkatentha mopyola muyeso. Kutenthako kunkang'alula chivundikiro cha pamwamba pa injini, chimene amakaniko amachitcha hedi. Oyilo ankadontha pamng'aluwo n'kugwera pa zitsulo zamoto, ndipo zotsatira zake n'zimene tinkaziona m'misewu. Chodabwitsa n'chakuti ku America galimoto yapachibale ndi Kuga, yotchedwa Ford Escape, yokhala ndi injini ya mtundu womwewo, idali itaitanidwa kale kumagalaja mu 2013 pa vuto la kutentha ndi kung'aluka kwa hedi. Kuno kudatenga zaka zina zitatu. Mu Disembala 2015 bambo wina wachinyamata adafera m'galimoto ya Kuga itayaka ku Wilderness, m'chigawo cha Western Cape. Kampaniyo idati imfa imeneyo siidakhudzane ndi vuto la injini, komabe abale a malemuyo ndiwo adasonkhanitsa eni galimoto zopsa, nkhani n'kufika poti sikadathekanso kuikwirira.

Azungu ali ndi liwu limodzi la mchitidwe umenewu, lakuti recall. Ife timachita kulongosola: wopanga katundu wazindikira kuti chimene adagulitsa chili ndi chilema choopsa, ndiye akuitanitsa kuti chibwerere akachikonze popanda malipiro. Poyamba kumva, ndi mchitidwe waulemu. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kampani imene yakuuza kuti galimoto yako ili ndi kachilema yakutsina khutu ndithu. Koma mwambiwo ukunena za chenjezo lofika njoka isadalume. Funso limene landivutitsa, limenenso silikambidwa kwenikweni pamisonkhano ya atolankhani, n'lokhudza munthu amene chenjezo lamupeza atalumidwa kale. Kachipangizo kolakwika kaja amakusinthira ulere. Nanga injini imene kachipangizoko kapha, amalipira ndani?

Funsoli lidandipeza ine mwini mu 2022. Galimoto yanga si Kuga, ndipo kampani imene idaipanga si Ford. Dzina lake sinditchula, pa chifukwa chimene chioneke kutsogoloku. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kakampani kena ku Braamfontein, ndipo ine ndi ana anga awiri timakhala ku Turffontein, kummwera kwa mzinda. Galimotoyo ndidaigula mu 2019 kwa ogulitsa galimoto zoyendapo kale, nditasunga ndalama zaka zinayi. Wokhala kumudzi akamva kuti uje ali ndi galimoto ku Joni amaganiza za ulemerero, koma mumzinda uno galimoto ndi miyendo. Ndiyo inkatula ana kusukulu m'mawa kusadache, ndiyo inkanyamula amayi a bungwe lathu la maliro popita kukapepesa kwa Mmalawi mnzathu woferedwa, ndiponso ndiyo inkatifikitsa kwathu mwezi wa Disembala, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza.

Tsiku lina madzulo a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, galimoto zitathithikana pamsewu wa M1, kasingano kosonyeza kutentha kwa injini kadalumpha kuchoka pakati kufika kumapeto monga munthu wodzidzimuka kutulo. Nyali yofiira idayaka. Ndidapatukira kumbali nthawi yomweyo n'kuzimitsa, koma nthunzi idali itayamba kale kufuka, ndipo panali kafungo kotsekemera ka madzi a injini akamapsa. Galimoto yokoka zinzake idatitula ku Rosettenville, pabwalo la kuseri kwa nyumba ina, pamene makaniko wanga amagwirira ntchito. Ndi mkulu wochokera ku Mangochi, wolankhula pang'ono, amene wakhala akuisamala galimotoyo chiigulireni.

Mawa lake adandiitana. Adasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kundionetsa: oyilo adali atasanduka ngati tiyi wamkaka, chizindikiro choti madzi alowa m'malo osayenera. Hedi idali itapindika, gasiketi itapsa. Kenaka adatola pampu ya madzi pansalu pamene adaiika, naipukusa ndi chala. Timapiko take tapulasitiki, timene timakankha madzi kuti azizungulira, tidali titathothoka pa kamtengo kake ndipo tinkangozungulira patokha.

"Achemwali, injini iyi yapita," adatero. "Koma imfa imeneyi ili ndi mwini wake. Pampu iyi si yoyamba kuiona itafa chonchi."

"Ndiye nditani, achimwene?"

"Muyambe mwafufuza nambala ya galimotoyi. Ine sindimasulanso kanthu kena. Pampuyi muisunge ngati ndalama."

Galimoto iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala, yotchedwa VIN, imene ku South Africa imalembedwanso pa kapepala kozungulira ka laisensi komata pagalasi lakutsogolo. Nditailemba nambalayo pa tsamba la intaneti la kampaniyo, yankho lidabwera posakhalitsa: galimoto yanga idali m'gulu la zoitanidwa chaka chapitacho, ndipo chifukwa chake chidali pampu ya madzi. Kalata yochenjeza idatumizidwa kwa munthu amene adaigula ili yatsopano, amene ine sindidamuonepo. Ndidapita kwa ogulitsa ovomerezeka ndi kampaniyo mtima uli m'malo, poganiza kuti mlandu wadziweruza wokha.

Mtsikana wa pa kauntala adandilandira mwaulemu. "Mama, pampu tikusinthirani ulere, ngakhale lero lomwe," adatero atayang'ana pa kompyuta. "Koma za injini ndi nkhani ina. Zimenezo n'zakulikulu." Mtengo wokonzera injini umene adandilembera udaposa theka la ndalama zimene ndidagulira galimoto yonse. Patapita milungu itatu kulikulu kuja kudayankha ndi kalata yaifupi yokhala ndi mfundo zitatu. Yoyamba, nthawi ya chitsimikizo cha galimotoyo idatha kale. Yachiwiri, m'buku la sevisi mudalibe zidindo za magalaja awo chiyambire 2019. Yachitatu, padalibe umboni wakuti pampu ndiyo idapha injini. Mwina madzi adali ochepa, mwina woyendetsa adapitiriza ulendo nyali itayaka. Ndidaiwerenga kalatayo kangapo, ndipo chimene chidandibwerera m'maganizo ndi munthu amene galu wake wagwira mbuzi yako, iye n'kuvomera kumanga galuyo pachingwe, koma za mbuzi yakufayo akuti uyambe wabweretsa umboni woti siidafe ndi chitopa cha mbuzi kapena ukalamba.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Poitanitsa galimoto, kampani imavomera chinthu chimodzi chokha: kuti kachipangizo kakutikakuti kangathe kulephera. Siivomera kuti kalephera m'galimoto yako, ndipo siivomera kuti kulepherako ndiko kwadzetsa zimene zakuonekera. Pakati pa "kangathe" ndi "kachita" pali mtsinje, ndipo amene ayenera kuwoloka ndi iwe wogula, wopanda akatswiri, wopanda maloya, amenenso m'mawa uliwonse ukuthamangira minibasi poti galimoto ili pamiyala. Kampani ili ndi nthawi. Mwezi uliwonse umene wadutsa, iyo siitaya kanthu, pamene iwe ukulipira inshulansi ya galimoto yosayenda ndi ndalama zoti wina azikutengera ana kusukulu. Ambiri amagonja panjira, osati poti alibe mlandu, koma poti atopa.

Madzulo ana akagona ndidayamba kuwerenga lamulo loteteza ogula la dziko lino, Consumer Protection Act ya 2008, limene lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011. Gawo 55 limati wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wopanda chilema ndi wosaika moyo pachiswe. Gawo 56 limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wolakwika, ndipo kwa ine miyezi imeneyo idali itapita kalekale. Gawo 60 ndilo limapatsa National Consumer Commission mphamvu yolamula kampani kuti ifufuze kapena kuitanitsa katundu woopsa. Koma limene lidandikhazika tsonga ndi gawo 61. Limati wopanga, woitanitsa kunja, wogawa ngakhale wogulitsa katundu ali ndi mlandu pa chiwonongeko chimene chadza chifukwa cha chilema cha katunduyo kapena chifukwa chosachenjeza mokwanira, posatengera kuti adachita mosasamala kapena ayi. Chiwonongekocho chingakhale imfa, kuvulala, matenda, kuwonongeka kwa chuma, ndi kutayika kwa ndalama kotsatira zimenezi. Gawoli silifunsa ngati chitsimikizo cha kampani chidatha. Lamulo lonselo silifunsanso ngati wogulayo ndi nzika kapena mlendo, mfundo imene idandilimbitsa mtima, pakuti fomu ya madandaulo ya kampani ija inkafuna nambala ya chiphaso cha unzika ya manambala 13 ndipo inkakana nambala ya pasipoti yanga.

Akatswiri a malamulo amalitama gawo 61 ngati nzeru yatsopano, poti kale wodandaula ankayenera kusonyeza kuti wopanga katundu adachita mosasamala, chinthu chovuta kwa munthu amene sadalowepo m'fakitale. Ine poliwerenga ndidamva fungo la kwathu. Ng'ombe zikalowa m'munda mwa mnzako n'kudya chimanga, pabwalo la mfumu safunsa ngati mwini ng'ombe adafuna kuti zitero, kapena ngati khola lake adalimanga mwaulesi. Amafunsa ziwiri zokha: ng'ombe n'zayani, ndipo zadya mizere ingati. Ukaweta chinthu chotha kuwononga, zowononga zake n'zako. Makolo athu adaidziwa mfundo imeneyi kusadabwere makhoti a njerwa. Kusiyana kwake n'kumodzi. Kwathu timati mlandu suola, pamene gawo 61 limaika malire a zaka zitatu. Ukazengereza, mlandu wako umaola ndithu.

Lamulo likakupatsa ufulu silikupatsa umboni, ndipo umboni wanga udachokera kumene kampani inkakunyoza. Mfundo yawo yachiwiri idali yakuti galimoto inkakonzedwa kuseri kwa nyumba. Mfundoyi idali itayamba kale kufooka m'dziko lino, pakuti kuyambira pa 1 Julayi 2021 malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto kukachititsa sevisi kwa makaniko woima payekha popanda kutaya chitsimikizo chonse cha galimoto yake. Komabe chidindo n'chidindo, ndipo ine ndidalibe. Nditawafotokozera achimwene aja, adalowa m'kachipinda kawo n'kutuluka ndi kope la ana asukulu lakuda ndi girisi. M'menemo mudali tsiku lililonse limene galimoto yanga idafika pabwalopo, makilomita amene idali itayenda, mtundu wa oyilo, tsiku losintha madzi oziziritsa injini, ndipo kumapeto kwa tsamba lililonse adamatako malisiti a kusitolo ya zipangizo.

"Achimwene, zonsezi mumalemberanji?" ndidafunsa.

"Kuno ndife alendo, achemwali. Mlendo akalakwiridwa, pakamwa pake sipakwanira. Pamafunika pepala."

Adandilangizanso kuti tipeze katswiri woima payekha, wa mapepala ake, kuti aione injiniyo isadakhudzidwe ndi wina aliyense. Katswiriyo adalumikiza makina ake ku kakompyuta ka m'galimoto, kamene kamasunga mbiri ya zovuta pamodzi ndi makilomita amene zidachitikira. Kakompyutako kadachitira umboni kuti kuchokera pamene kutentha kudakwera kufika pamene injini idazimitsidwa, galimoto siidayende mtunda woti n'kuutchula. Adayeza redieta ndi mapaipi onse napeza kuti sizinkadontha. Adajambula pampu ija mbali zonse, n'kulemba lipoti la masamba anayi lonena kuti madzi adalimo okwanira koma adaleka kuzungulira chifukwa timapiko tidathothoka, chimene chili chilema chomwecho chotchulidwa m'chikalata choitanitsa galimoto. Ogulitsa aja atapempha kuti ndiwasiyire pampuyo kuti akaiyeze, ndidawapatsa zithunzi, n'kuwauza kuti akafuna kuiona yeniyeniyo aione ine ndi katswiri wanga tili pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndidaleka kukambirana nawo pafoni. Mawu aliwonse ankapita pa imelo, ndipo wina akandiimbira ndinkamulembera pambuyo pake zimene tagwirizana.

Ndidatumiza zonsezi kulikulu la kampani, ndipo nditaona kuti kwadutsa mwezi kuli zii, ndidakatula dandaulo ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, ofesi yovomerezeka ndi lamulo lija kuti izimva mikangano ya pakati pa ogula ndi amalonda a galimoto, wogula osalipira kanthu. Nambala ya dandaulo itangotuluka, makalata a kampani adasintha kamvekedwe. Munthu wa dzina ndi udindo adayamba kundiyankha m'malo mwa makina. Disembala wa chaka chimenecho tidapita kwathu pa basi, ine ndi ana, pamwambo womanga chiliza cha malemu bambo anga, katundu wa pamwambowo tikumusenza pamutu pachipata chilichonse. Amayi atandifunsa za galimoto ndidangoti ikudwala. "Ikachira ubwere nayo, mwana wanga," adatero, "ndikufuna idzanditengere kuchipatala cha maso." Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumene kuli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi anthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli mlandu.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri yankho lidafika. Kampani idavomera kupereka injini ina, ine n'kulipira gawo la ndalama za ntchito yoimanga. Padali pepala loti ndisaine. Lidati thandizoli likuperekedwa mwa kukoma mtima kwa kampani, kuti kampaniyo siikuvomera kulakwa kulikonse, kuti nkhani yathera pomwepo, ndiponso kuti sindidzatchula dzina lake pagulu pokhudza nkhaniyi. Ndidawerengera monga mwa ntchito yanga: ndalama za loya, zaka zodikira khoti, ana oyenda mumdima kupita kokwerera minibasi. Ndidasaina. Ndicho chifukwa chake m'nkhani ino kampaniyo ilibe dzina.

Galimoto idabwerera pamsewu, koma mawu akuti "kukoma mtima" adandikhala pakhosi. Kwathu mlandu sutha ndi katundu yekha. Wolakwa amabwera ndi nkhuku kapena mbuzi, ankhoswe ali pomwepo, ndipo chiweto chija chimangoperekeza mawu. Chenicheni ndi "pepani, ndalakwa" wonenedwa anthu akumva. Liwu lakuti chipepeso likuchokera ku kupepesa. Munthu atabwera ndi mbuzi pabwalo n'kunena kuti, "Landirani mbuziyi poti ndine wachifundo, koma sindidalakwe, ndipo musauze munthu," akuluakulu angamubweze nayo mbuzi yakeyo, pakuti wasandutsa wolakwiridwa kukhala wopemphetsa. Makampani amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Kuvomera kwa munthu mmodzi ndi kuvomera kwa onse amene ali ndi pampu yomweyo. Chinsinsi chimene adandigula nacho chimateteza kampani kwa mayi wina wa ku Soweto kapena ku Tembisa amene injini yake yafa imfa yomweyo, amene akuganiza kuti ndi tsoka lake, n'kukatenga ngongole.

Pa chifukwa chimenechi nkhani ya Kuga ili ndi phindu loposa galimoto zimene zidapsa. Eni ake adakana kudandaula payekhapayekha. Adapezana, adawerengana, ndipo chiwerengerocho chidakakamiza boma kulowererapo. Mu Novembala 2019 National Consumer Commission idalengeza kuti Ford yavomera kulipira chindapusa cha R35 miliyoni, ndi kuti eni galimoto zimene zidapsa angathe kulandira R50,000 aliyense, kapena kukatula madandaulo awo kwa loya wamkulu woikidwa kuti aweruze, kapenanso kupita kukhoti. Wina anganene kuti ndalamazo n'zochepa kwa kampani yaikulu chotero, ndipo sangalakwe. Koma zidanenedwa poyera, dzina la kampani likumveka, ndipo kuyambira pamenepo palibe wogulitsa galimoto m'dziko lino amene angayerekeze kuti sadziwa kuti lamulo lija lili ndi mano. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndidasenza langa ndekha ndipo ndidalandira injini, iwo adasenza pamodzi ndipo adasiya chitsanzo.

Mzinda uno udazolowera kufunsa umboni kwa ofooka. Makolo athu adabwera kuno kudzakumba golide, ambiri n'kubwerera kumudzi ndi chifuwa chosatha chodza ndi fumbi la miyala. Padatenga mibadwo kuti mlandu wawo umveke. Mu 2018 makampani a migodi ya golide adagwirizana ndi maloya a anthu ogwira ntchito m'migodi za thumba la R5 biliyoni, khoti lalikulu la mu Johannesburg lidavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti lizipereka ndalamazo, kuphatikizapo kwa ochokera m'maiko oyandikana nawo monga Malawi. Koma kuti munthu alandire, payenera kupezeka umboni woti adagwiradi ntchito pamgodi wakutiwakuti ndi woti mapapo ake adawonongeka ndi fumbilo. Sindikuyerekeza injini ndi mapapo a munthu. Kutero kungakhale chipongwe. Ndikungoona kuti kamangidwe ka mlandu n'kamodzi: wamphamvu amavomera kuti choopsa chidalipo, kenaka wofooka asonyeze yekha kuti choopsacho chidagwera iyeyo. Amene adasunga kapepala amapulumuka. Amene kapepala kake kadadyedwa ndi chiswe kudenga amangotsala ndi chifuwa chake.

Ndikaganiza za kwathu, nkhawa imakula. Galimoto zambiri za m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zidayamba zayenda ku Japan, n'kudzatsika padoko la Dar es Salaam kapena madoko ena a m'chigawo chino. Wopanga akapeza chilema, kalata yake imapita kwa mwini wolembedwa m'kaundula wa dziko limene galimoto idagulitsidwa koyamba, ndipo kalata yotero siwoloka nyanja. Chitsanzo chachikulu ndi cha matumba a mpweya oteteza pangozi opangidwa ndi kampani ya Takata, amene adachititsa kuti galimoto mamiliyoni makumimakumi za makampani osiyanasiyana ziitanidwe padziko lonse, mpaka kampaniyo idagwa mu 2017. Mankhwala ofufumitsa matumbawo ankawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, thumba n'kuphulika ndi tizitsulo kumaso kwa woyendetsa. Kutentha ndi chinyezi ndiye nyengo ya ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nsanje. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ali ndi Competition and Fair Trading Commission, alinso ndi bungwe la Consumers Association of Malawi limene lakhala likulankhulira ogula kwa zaka zambiri. Koma galimoto yogulidwa pa intaneti kwa wamalonda wa kutsidya kwa nyanja, yodutsa m'manja anayi isadafike pa Songwe, ilibe mwini mlandu woti mfumu iliyonse ingamuitane pabwalo. Ngati ine, wokhala makilomita ochepa kuchokera kulikulu la kampani, wodziwa kuwerenga lamulo m'Chingerezi, ndidatha miyezi isanu ndi iwiri, woyendetsa takisi wa ku Mzimba angayambire pati?

Ophunzira a zamalamulo ndi a zachuma m'chigawo chino ali ndi ntchito pamenepa. Katundu amawoloka malire athu mosavuta kuposa udindo wa amene adamupanga. Galimoto ikalowa m'dziko, boma limalemba nambala yake ya VIN kuti litolere msonkho. Nambala yomweyo ingathe kufananizidwa ndi mndandanda wa galimoto zoitanidwa, mwini wake n'kuuzidwa pamene akulipira laisensi. Si nzeru yofuna ndalama zambiri. Imangofuna kuti wina aone wogula wachitatu, wa dziko lachitatu, ngati munthu woyenera kutsinidwa khutu.

Pakadali pano ntchitoyo ikugwiridwa ndi anthu ngati achimwene a ku Rosettenville. Galimoto iliyonse yofika pabwalo pawo, makamaka zimene zikukonzekera ulendo wa kumudzi, amayamba aijambula kapepala ka pagalasi n'kunditumizira, ine n'kufufuza nambalayo madzulo ndikaweruka. Mwa zimene tafufuza, zingapo zapezeka kuti zili ndi kalata imene siidafike kwa eni ake, ndipo zapita kukakonzedwa ulere injini zikadali zamoyo. Pepala lija lidandiletsa kutchula dzina la kampani imodzi. Silidandiletse kuwerenga manambala.